Zilembo za alamu anga

Mpingo wathu unkapemphera m'galaja ina ku Bertrams, ndipo mawu a nyimbo tinkawaonetsa pa nsalu yoyera yopachika kutsogolo. Wokhala pa laputopu ndinali ine. Sabata yonse ndinkanyamula makatoni ku Marlboro, wopanda wondidziwa dzina, koma Lamulungu abusa sankayambitsa nyimbo asanandiyang'ane. Mu Joni monse, malo anga enieni anali mpando umenewo.

Pulogalamu yoonetsera mawuyo ndinalemba ndekha. Chilembo chilichonse, chonenepa kapena chowonda, ndinachipatsa malo ofanana ngati mapando a chimanga. Koma mawu athu ndi aatali. "Tidzakutamandani" ankafika kumapeto kwa nsalu, mchira wake n'kugwera pakhoma. Anthu anazolowera, ankamalizitsa okha.

Kenako kunabwera alamu anga, achimwene a mkazi wanga, kudzagona pabalaza pathu ku Hillbrow. Ataona ntchito yangayo anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, mukudzivutitsiranji? Kompyutayi ili kale ndi njira yake yoyalira mawu. Pulogalamu yanu izingoiuza kuti mawu ndi awa, malo ndi awa. Iyo imayeza yokha chilembo chilichonse, kudula mzere poyenera, n'kusalaza zilembo m'mbali. Shapu shapu!"

Ndinati zimenezo ndikuzidziwa. Iwo anangokoka laputopuyo, akudya buledi wanga.

Lamulungu lotsatira zilembo zinatuluka zoyera mbee, zokhala bwino ngati zam'buku. Amayi ena achikulire a mzere wakumbuyo anaimba vesi yonse osatsinzina maso. Woyamba kululutira anali mkazi wanga yemwe, amene zilembo zanga sanazilulutirepo. Nyimbo yonse sindinatsegule pakamwa, ndinkangodikira kuti liwu limodzi lokha ligwere pakhoma. Silinagwe.

Titaweruka, abusa anandigwira dzanja.

"Abambo, mwatithandiza nthawi yaitali, Mulungu akudalitseni. Laputopu ija asiyireni alamu anuwa. Koma akuti nsaluyi ili ndi makwinya, ikupotoza zilembo. Muzipita nayo kunyumba."

Mpaka lero Loweruka lililonse ndimaiyala patebulo n'kuisita, alamu ali pampando wanga akuonera mpira. Mtima umandiuza kuti ndisiye khwinya limodzi lalikulu pakati penipeni. Koma ndimaisita mpaka m'makona, chifukwa khwinyalo likaoneka, mpingo wonse udzadziwa kuti ndi langa.