Foni ya Nester Inkadontha

Nester ndi mwana wa amayi anga aang'ono, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana kuno kwa Mpama. Sukulu anasiyira Fomu 3, pano amagulitsa tomato ku Namitambo. Ndi munthu wosamala, woti akakiya chitseko amabwereranso kukachigwedeza. Amuna ake, a Geoffrey, anabwera pachikamwini ndi kabokosi ka intaneti, ndiye tonse pamudzi tinasiya kugula bandulo. Zaulere za alamu angakane ndani?

Chimene anthu sankadziwa n'choti a Geoffrey amamenya, ndipo amasankha malo amene chitenje chimaphimba. Nester atayamba kufufuza mabungwe othandiza amayi ozunzidwa, anaika VPN, pulogalamu yobisa zimene munthu akuchita pa intaneti. Kachizindikiro ka kiyi kakaoneka pafoni, mtima unkakhala m'malo.

Tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde, a Geoffrey anatulukira akuseka.

"Alamu," anatero kwa ine, "m'bale wanuyu wayamba kukonda za mabungwe. Kaya akufuna ukhansala?"

Anatchula dzina la tsamba limene Nester ankawerenga, osaphonya. Kenako anasisita mutu wa mwana wawo, Limbikani, n'kumapita. Ine ndinangobereka mwana wanga, chonsecho sankalira.

M'mawa mwake tinanamizira sikelo ya ana n'kupita ku Nguludi kwa Hanifa, mnzathu wakusukulu amene anaphunzira za makompyuta. Tinamufotokozera zonse.

"Iwe Nester, katundu wabisa, koma njira ukufunsa kwa yemwe ukumubisirayo," anatero Hanifa. "Foni isanatsegule tsamba imafunsa komwe lili, amati DNS. VPN yakoyo ikudontha, mafunso akupita kubokosi la amuna ako, mayina n'kumatsala momwemo. Ichotse, uike ina yotseka zimenezi. Kubokosilo usalumikizenso."

Anatisonyeza tsamba loyesera. Ukalitsegula VPN ili yoyaka n'kuona dzina la kampani ya mafoni ya konkuno, ndiye kuti ikudontha.

Titafika kunyumba, a Geoffrey kulibe. Nester, pokhala Nester, anafuna kudzionera yekha. Asanachotse VPN ija, analumikiza kubokosi, n'kuyesa. Dzina la kampani linatulukadi.

Anatembenukira kwa ine.

"Achemwali," ananong'ona, "dzina la tsamba loyeserali nalonso lalowa m'bokosimo. Adziwa kuti ndadziwa."

Sanatenge ngakhale ndiwo zimene anali atangotereka pamoto. Anabereka Limbikani n'kudutsa m'munda wa nandolo, ulendo wa kwa amalume, ankhoswe ake. Mudzi ndi wake, munda ndi wake, koma wothawa ndi iyeyo.

Kwa amalume anafika bwino. A Geoffrey sanabwerebe, ndipo akapeza nyumba ili zii, khomo loyamba kugogoda ndi langa.