Dalaivala wa a Tulloch

Swaleh Nasibu anachoka ku Ntaja chimanga chili m'mawondo, nakafika ku Doha kumene mvula saiyembekezera n'komwe. Ntchito anaipeza kwa a Tulloch, loya wokalamba wa ku Scotland amene kale anali phungu wa nyumba ya malamulo kwawo. Atagwa pachisankho, mkuluyu anabwera kudzalangiza makampani pa milandu, nakhala yekha m'nyumba yosanja ku Pearl, dera la m'mbali mwa nyanja. Viza ya Swaleh inali m'dzina la bwanayo. Iwo akachoka m'dzikomo, nayenso ulendo wa ku Ntaja, ana ake asanamalize sukulu.

Anali bwana wabwino. M'galimoto ankamufunsa za nandolo, ndiponso ngati mafumu amaweruzadi pansi pa mtengo.

Zinayamba m'nyengo yotentha, pomwe ngakhale mpopi wa madzi ozizira umatulutsa ofunda. M'mawa wina a Tulloch anamuuza kuti athamange nawo ku nyumba ya malamulo, voti ikuyamba. Swaleh anangozungulira nawo m'tauni mpaka anaiwala. Tsiku lina anawapeza atavala mkanjo wakuda wa kukhoti, akufunsa mafunso mpando wopanda munthu, n'kumadikira yankho.

Mwana wawo wamkazi ankaimba foni kuchokera ku Scotland Lamlungu lililonse, ndipo Swaleh ankati bambo ali bwino, koma kutenthaku. Kwawo ku Ntaja matenda a munthu wamkulu sawanena pafoni. Amatuma munthu, nayamba wacheza zina, kenaka nkhaniyo n'kuitula pang'onopang'ono. Nanga ku Scotland akanatuma yani? Ankadziuza choncho, koma za vizayo sankazichotsa mumtima.

Waziri, mlonda wa pageti wochokera ku Balaka, anamukokera pambali.

"Achimwene, ulemu wanuwu udzapha mdalayu. Dzulo wandilumbiritsa ngati mboni, ati ndinene zoona zokhazokha."

Anaseka onse, koma mwachidule. Swaleh analonjeza kuti Lamlungu likubwerali anena, inshallah.

Lachisanu kunadzuka mphepo ya fumbi, dzuwa likuoneka ngati mbale yakuda. Swaleh anawasiya a Tulloch akuwodzera pampando, napita kumzikiti. Pobwerera anapeza chitseko chili pululu. Mkanjo uja panalibe. Nsapato zinali pakhomo, chipewa pamsomali, botolo la madzi losatsegula. Pageti panali mlonda wachilendo, amene anati waona nkhalamba yovala zakuda ikutuluka mofulumira, ikulankhula yokha.

Swaleh anayendetsa galimoto pang'onopang'ono m'mbali mwa doko, mawindo otsegula, fumbi likumulowa m'mano. Msewu unali wotentha mokwanira kusupula mapazi. Anadziwa kuti akangoimbira mwana wawo uja, a Tulloch adzatengedwa kupita kwawo, ali moyo kapena ayi, ndipo ntchito idzathera pomwepo. Anaimba.

"Mayi, ndinkakunamizani," anatero m'Chingerezi chake chochepa. "Bambo mutu wawo sukuyenda bwino kuyambira kale. Panopa sindikudziwa kumene ali."

Kutsogolo, m'fumbimo, munali chinthu chakuda ngati mkanjo uja pansi m'mphepete mwa msewu, ndipo Swaleh anaponda mabuleki.