Tsamba la mbawa limene unandilawitsa

Ndinabereka ana anayi. Ganizani ndi mphunzitsi ku Dzoole, Esinati amene akundilembera mawuwa ndi namwino ku Dowa, Yohane ali ndi chigayo chakechake ku Chezi. Wachinayi ndiwe Lonjezo, unkalondera nkhalango ya Ntchisi, ndipo lero zakwana zaka ziwiri chitisiyire.

Dzulo ndinapeza mbuzi zitadyanso kamtengo ka mango kamene ndinadzala pamanda pako. Ndinakhala pansi n'kukumbuka tsiku lija pochokera kumunda, pamene unathyola tsamba lanthete la mbawa n'kunena kuti, "Amayi, talawani." Ndinalavula n'kukuthamangitsa ndi mpini. Iwe uku ukuseka unati, "Mtengo ulibe miyendo yothawira mbuzi kapena mbozi, amayi. Wina umamera minga, wina umasunga nyerere zoluma, uwu umawawitsa masamba ake." Ine ndinati sukulu yakupengetsa. Undikhululukire mwanawe, unkanena zoona.

Sindifuna kuti uzigona padzuwa. Abale nonse, tidzakumane kwathu Loweruka loyamba la Januwale, mvula itakhazikika, tikadzale mbawa pamanda a Lonjezo. Dzenje la mtengowo ndidzakumba ndekha.