Amayi Ali Pakati pa Muwanga ndi Phiri

Ndikukumbukira kutentha kwa Novembala wa chaka chimene ndinali Giredi 8, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, mitambo inkangosonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. M'mwezi umenewo ndi mmene ndinapita koyamba kukaona pamene anagona amayi anga.

Amayi anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Kwathu ndi kumudzi kuseri kwa Madzimoyo, koma nthawi imeneyo ndinkakhala kwa amalume ku Kapata, m'tauni ya Chipata, chifukwa sukulu ya kwathu inkalekezera Giredi 7. Munthu amene anatumidwa pa njinga kudzanena uthenga anapeza mtsinje utadzaza, nagona kutsidya. Ine pofika kumudzi ndinapeza ataika kale dzulo lake. Ndinalira kuti andiperekeze kumanda, koma azakhali anga a Najere, mlongo wawo wa atate, anakana. Anati kumanda si kumunda, munthu sangopitako mmene wafunira. Ndidikire Novembala, pamene Akatolika tonse timapita kukalambula manda kuti abambo mfumu adzawadalitse. Ndinabwerera kusukulu ndili ndi amayi amene sindinkadziwa pamene ali.

Masamu sindinkawakonda, ndipo nawonso sankandikonda. Koma temu yachiwiri kunabwera aphunzitsi atsopano, a Sakala, munthu wamfupi wamakani amene choko chinkamuthera m'manja ngati akuchidya. Tsiku lina anatitulutsa m'kalasi kupita pa bwalo la netibo. Anali atakoka zingwe ziwiri pansi, china chopingasa, china choongoka, zitakumana pakona ya bwalo. Pa chingwe chilichonse anamangapo timasanza motalikirana mofanana, ndipo kasanza kalikonse kanali ndi nambala yake. Chopingasacho anati ndi ekisi, choongokacho ndi wayi, ndipo pokumanapo ndi pa ziro, poyambira kuwerenga.

Kenaka anatiuza kuti akwirira chitsekero cha botolo penapake mumchengamo. Wochipeza sadzasesa m'kalasi temu yonse.

"Ekisi wake ndi folo," anatero, n'kupinda manja.

Tinathamangira pa kasanza ka folo n'kuyamba kufukula kulowera m'bwalo, ena apa, ena uko, fumbi lili koboo. Anyamata anafukula ngati agalu aona mbewa. Tonse tinali pa mzere wolondola, koma palibe anapeza kanthu. A Sakala anatisiya mpaka titatuwa, ndiyeno anati wayi wake ndi seveni. Mtsikana wina wofatsa anangoyenda kukaima pa seveni, nalondola mopingasa mpaka pamene anakumana ndi mzere wathu uja, nawerama, natola chitsekerocho.

"Mwaona?" anatero a Sakala. "Nambala imodzi imakupatsa mzere, monganso malo awiri amakupatsa mzere. Koma mzere umodzi ndi njira chabe, ungayende tsiku lonse. Mizere iwiri ikakumana, pamenepo ndiye pakhomo."

Anzanga anaseka, nayamba kukung'untha mayunifomu. Ine sindinaseke. Kwa nthawi yoyamba masamu anali atanena chinthu chimene ndinkachifuna. Ndinatsimikiza mumtima kuti Novembala akafika, ndikapeza manambala awiri a amayi anga.

Tsikulo litafika ndinabisa chingwe cha khonje m'chitenje, chija tinkamangira matumba a thonje. Tinanyamuka m'mawa ndi makasu ndi zikwakwa, Akatolika onse a mphakati wathu, azimayi akutsogolera nyimbo. Manda a kwathu ali m'kankhalango, chifukwa mtengo wa kumanda sadula, ngakhale nkhuni zitasowa bwanji. Kunja kunali ng'amba, koma titangolowamo kunazizira, masamba ouma akulira pansi pa mapazi. Aliyense anatsitsa mawu.

Atate anandigwira paphewa n'kundiimika patsinde pa muwanga waukulu. Kumanda saloza ndi chala, amati chimawola, choncho analoza ndi milomo.

"Velo, yang'ana pakati pa mitengo apo. Waliona phiri lija?"

Ndinaliona, nsonga yake yokha, yabuluu chifukwa cha kutalika.

"Ukaima pa muwanga uno n'kuyang'ana nsonga imene ija, amako ali pa mzere umenewo. Mtengo uwu palibe adzaudula, phiri palibe adzalisuntha. Sungasokere."

Tinayenda molunjika phirilo mpaka pa mtumbira wofiira, wokwera bwino, wokhala ndi mtanda wamatabwa. Dzina linalembedwa ndi penti yoyera. Ndinagwada, ndinalira, ndinazula udzu ndi manja. Misozi itaphwa pang'ono, mawu a a Sakala anandibwerera. Atate anali atandipatsa malo awiri, muwanga ndi phiri, ndipo malo awiri amapatsa mzere. Nambala yachiwiri panalibe. Ndinatulutsa chingwe changa mwakachetechete, n'kumanga nsonga imodzi pa tsinde la muwanga, n'kuyamba kuchikoka kulowera ku mtumbira.

Sindinafike pakati. Azakhali anandilanda chingwecho mwamphamvu mpaka chinandipsereza m'manja.

"Iwe mwana! Ukuyezera ndani?"

Ananena monong'ona, koma manda onse anamva. Makasu anaima. Ndinayesa kufotokoza za ekisi ndi wayi, koma nkhope za anthu zinandiuza kuti ndachita chinthu choopsa. Kwathu oyeza kumanda ndi adzukulu okha, anthu okumba manda, ndipo amayeza ndi bango limene ayezera thupi la womwalira. Munthu wamoyo akayamba kukoka muyeso pakati pa mitumbira, ndiye kuti akukonzera wina malo.

"Amako sanakwane chaka, ukufuna utengenso atate ako? Sukulu ya kutauni ndi imeneyi?" anatero azakhali.

Ndinayang'ana atate kuti andiikire kumbuyo. Iwo anangoyang'ana pansi. Pobwerera anandiuza mofatsa kuti ndisadandaule, mtanda ulipo, ndipo thonje likachita bwino adzamanga chiliza cha simenti cholembedwa dzina. Chingwe chija azakhali anachitentha kuseri kwa khola, ndipo anandisambitsa m'manja ndi madzi a mankhwala. Ndinachita manyazi kwambiri moti Novembala wotsatira ndinanamizira mayeso, osabwera kumudzi.

Azakhali sindiwaimba mlandu. Anali ataika mlamu wawo chaka chomwecho, ndipo ankaopa kuika mlongo wawo. Munthu wamantha otero sungamuuze za chitsekero cha botolo.

Thonje silinachite bwino chaka chimenecho. Chaka chotsatira linachita bwino, koma denga la nyumba linkadontha. Kenaka atate anakwatiranso, kunabadwa ana, pa manda a amayi panasowa wolambula, ndipo nkhani ya chiliza inkabwera pa Khirisimasi pokha, wina aliyense n'kuvomereza kuti chaka chamawa. Ine ndinalekera sukulu Giredi 9, ndinaphunzira kusoka, ndinakwatiwa, ndinatsatira mwamuna ku Migodi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero, koma ife tinkazengereza ndi mtima uli m'malo. Muwanga unalipo, phiri linalipo.

Ndinabwerera ku Chipata ndili mayi wa ana atatu, banja litatha, n'kutsegula kashopu kanga kosokera pa msika. Atate anali atakalamba, maso atayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina anakwera minibasi okha kudzandipeza, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala pa benchi ya makasitomala, chipewa chili pa bondo.

"Velo, ndikufuna timange pa amako ndisanapite. Ndipo ndikapita, mudzandiike pambali pawo."

Simenti ndinagula ine. Tinapempha chilolezo kwa eni mudzi, ndipo tinalowa m'kankhalango kaja ndi atate, azakhali akuyenda ndi ndodo, ndi mmisiri womanga. Muwanga tinaupeza uli chiimire, utanenepa kuposa kale. Atate anaima patsinde, ine ndinawathandiza kupeza phiri, chifukwa maso awo sankalionanso. Zonse zimene analonjeza zinalipo. Palibe anadula, palibe anasuntha.

Koma mitanda panalibe. Chiswe chinadya ina, ndipo moto wolusa wa osaka mbewa unalowa chaka china n'kumaliza yotsala. Mitumbira inali itaphwa, mvula itaisalaza, moti umangozindikira ndi pamene nthaka yatitimira. Pa mzere wa muwanga ndi phiri panali malo otitimira anayi, ondondozana. Dzinja limene anamwalira amayi linatenga anthu ambiri m'mudzimo, ndipo adzukulu ankangokumba motsatizana. Abale a ena mwa omwalirawo anasamukira ku Chipangali kukafuna minda, osabweranso.

Atate analoza ndi milomo pa malo achiwiri. Azakhali anati ayi, ndi pachitatu, akukumbukira bwino chifukwa anaponda muzu pamenepo pogwetsa dothi. Atate anayenda kubwerera ku muwanga, nayambanso, akuwerenga mapazi ndi milomo. Koma mapazi a nkhalamba si mapazi a bambo wa zaka makumi anayi. Ulendo uno anaima pachitatu, kenaka anabwerera pachiwiri, kenaka anangoima pakati.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwadapo pamalopo, ndinazulapo udzu ndi manja anga. Koma ndinagwadapo kamodzi kokha, maso ali odzaza misozi. Ndinatseka maso kuti ndikumbukire, ndipo chimene ndinaona ndi dothi lofiira ndi penti yoyera basi.

Mmisiri anatsokomola n'kunena zimene tonse tinkadziwa. Sungathire simenti ndi kulemba dzina pa manda okayikitsa. Ukalakwitsa, waba munthu wa eni ake, ndipo wako wamusiya pambali akuonerera. Tepi yanga yoyezera inali m'chikwama, monga imakhalira nthawi zonse. Panalibe choyeza.

Azakhali anakhala pansi pa masamba ouma. Sanandiyang'ane, koma ananena ndi mawu aang'ono, "Chingwe chija." Simenti ija tinakazirira khonde la atate.

Tikutuluka m'mandamo, atate anandigwira dzanja kuti ndiwatsogolere pa mizu. Titafika padzuwa anati:

"Usalire, mwanawe. Mzere tili nawo. Mudzangondiika pa mzere womwewo, kumapeto. Kotsalako ndikayenda ndekha, ndikamupeza."

Anamwalira chilimwe chotsatira, ndipo adzukulu anachita monga anapemphera. Tsiku loika, anthu akuponya dothi, ine ndinapatuka pang'ono n'kukaima pa chulu chimene chili chakumadzulo kwa mandawo. Ndinayang'ana kudutsa pa dzenje la atate, ndipo kutsidya kwake, molunjika ndithu, kunali mwala waukulu wosweka pakati. Chulu ndi mwala, malo awiri, mzere wachiwiri. Unakumana ndi wa muwanga ndi phiri pamutu penipeni pa atate. Sindinatulutse tepi, sindinaloze ndi chala, palibe ngakhale mmodzi anadziwa chimene ndikuchita.

Pamenepo ndi pamene ndinayamba kulira. Anthu ankaganiza kuti ndikulira atate, ndipo ndinkawaliradi, koma ndinkaliranso mtsikana uja wa chingwe m'chitenje. Chulu chimenecho chinalipo tsiku lija. Mwala unalipo. Chingwe sichinkafunika n'komwe. Ndikanangopatuka pang'ono, n'kuyang'ana kuchokera mbali ina monga atate anayang'anira kuchokera pa muwanga, bwenzi ndili ndi mzere wachiwiri, azakhali osakhumudwa, mwambo osasweka. Ndinali nditamva phunziro la a Sakala, koma ndinaganiza kuti lili m'zingwe zawo. Ndipo atandilanda chingwe, ndinakwiya ndi kuchita manyazi, osayang'ananso kwina.

Lero ndimayeza anthu tsiku lililonse, m'chiuno ndi m'litali, ndipo sindidula nsalu ndi muyeso umodzi. Ana anga amandionetsa kuti ngakhale foni imatha kupereka manambala awiri a pamalo pamene waima. Ndimangogwedeza mutu. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti atate sananame, ndipo azakhali sanali oipa. Zimene anandipatsa zinali zoona, koma zinali theka, ndipo theka linalo linali loti ndilipeze ndekha nthawi ikadalipo, mtumbira ukadali wofiira.

Novembala aliyense ndimatseka shopu n'kupita kumudzi ndi khasu. Pa atate pali chiliza, ndipo ngakhale chitagumuka ndingapapeze. Ndikamaliza pamenepo ndimapita patsinde pa muwanga, ndimayang'ana phiri, n'kuyamba kulambula malo anayi aja limodzi ndi limodzi, osadumphapo. Azimayi a mumphakati amandiyamika kuti ndili ndi mtima wabwino, ndimasamala ndi manda a anthu osowa abale. Pa malo alionse ndimagwada, ndimazula udzu ndi manja, ndipo ndimanena motsitsa kuti, "Amama, ndine Velo." Ndimanena kanayi, kuti kamodzi kafike.