Nsapato za Gogoda za Mayi

Mayi anali ndi nsapato zakuda za gogoda, zomwe ankavala popita ku ofesi ku City Centre, kumene anali mlembi. M'mawa uliwonse ankazipukuta atakhala pakhonde la nyumba yathu ku Area 10, ndipo akatuluka pageti ine ndinkamvetsera go! go! go! mpaka atakhota.

Dzinja la chaka chomwe ndinali Sitandade 4, bambo anasiya ntchito ya kubanki. Anati Mulungu wawaitana kuti akhale m'busa. Anatiuza tili patebulo, akumwetulira ngati munthu amene wagula galimoto, kalata yosiyira ntchito atapereka kale. Mayi anaika supuni pansi.

Anthu anawatama bambo koopsa. Akulu ampingo ankabwera Loweruka lililonse kudzakhuthula tiyi wathu wamkaka, n'kumati, "Munthu uyu wasiya zonse." Zonse zake ziti? Mpaka lero mawu amenewo amandinyansa. Bambo anangovula tayi n'kuvala kolala, basi, ndipo ulemu unachita kuwonjezeka. Amene ankati bwana anayamba kunjuta n'kumati abusa.

Nyumba ija inali ya banki, choncho tinasamukira ku Area 1, m'zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi. Kunali matope, utsi wa makala ndi phokoso la oitanira minibasi. Mayi ankapitabe kuntchito, nsapato zija atazinyamula m'jumbo kuti akavalire kutsogolo.

Kenako akulu aja anabweranso, ulendo uno kudzaona mayi. Ndimakumbukira mmodzi wachimimba, atadzaza mpando wonse. "Mayi busa sakhalira ku ofesi," anatero. "Nanga maliro akagwa Lachiwiri, amayi amumpingo awatsogolera ndani?" Mayi anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana Baibulo lawo, lomwe linali lotseka. Mantha amenewo bambo ankawatcha kudzichepetsa.

Mwezi utatha mayi anasiya ntchito. Palibe amene anawaimika kutsogolo kwa mpingo kuti awaombere m'manja monga anachitira ndi bambo. Anangowapatsa duku loyera ndi kiyi wa kabati ya makapu.

Tsiku lina masana ndinapeza jumbo ija pansi pa bedi. Ndinavala nsapato zija n'kumayenda pasimenti, go! go! go! ndikuganiza kuti mayi aseka. Anatulukira manja ali onyowa ndi sopo. "Vula!" Anandiwomba mbama, munthu amene anali asanandimenyepo chibadwire. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuzipukuta ndi nsonga ya chitenje, pang'onopang'ono, ngakhale zinalibe fumbi.

Ndinalira kwambiri, ndikuganiza kuti ndawononga chidendene cha nsapato. Sindinkadziwa kuti m'nyumba mwathu woitanidwa anali bambo, koma wosiya zonse anali mayi.