Mai Makolala ndi Kiyi wa Kuchimbudzi

Pafakitale yosoka malaya a yunifolomu ija aliyense ankangowaitana kuti Mai Makolala. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala akusoka makolala okhaokha, ndipo kolala yotuluka m'manja mwawo nsonga zake ziwiri zinkalingana ndendende osayeza ndi tepi. Makina awo anali achisanu ndi chiwiri pamzere wa makina khumi ndi anayi. Shati inkayambira kwa wosoka matumba, n'kudutsa kwa wamapewa, kufika kwa iwo, kenako kwa wamikono mpaka kwa wamabatani kumapeto. Mmodzi akadzuka, a kutsogolo kwake ankangokhala manja lende, a kumbuyo nsalu zikuunjikana pamiyendo. Choncho lamulo linali lakuti munthu sadzuka pamakina kupatula nthawi ya tiyi ndi ya nkhomaliro, ndipo kiyi wa kuchimbudzi ankakhala pamsomali mu kaofesi kagalasi ka kapitawo.

Kale lamuloli silinkawapweteka. Iwo ndi amene ankatsogolera kuseka atsikana ongodzukadzuka. "Kodi iwe chikhodzodzo chako n'cha mpheta?" Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zinthu zinasintha atachitidwa opaleshoni yochotsa kathumba ka ndulu komwe munali timiyala. Bala linapola bwinobwino, koma m'mimba simunabwerere mwakale. Munkatha kukhala zii masiku atatu, munthu mpaka kuyamba kuimba nyimbo pamakina. Tsiku lachinayi, singano ili pakati pa kolala, ankangomva kuwira pansi pa mchombo, kenako kupotokola, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala ndi mphindi ziwiri, zikachuluka zitatu. Zotuluka zinali zamadzimadzi, zachikasu, zowotcha. Mapazi anali atawawerenga kale: kuchokera pamakina kufika pamsomali wa kiyi makumi atatu ndi limodzi, kuchokera pamsomali kufika pachitseko cha chimbudzi makumi awiri ndi asanu. Ndipo mapazi onsewo ankayenera kuwayenda mwaulemu, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akungopita kukatenga ulusi.

Kuchipatala anawayeza magazi, anawayeza chimbudzi, anawaunika m'mimba, zonse n'kutuluka zabwino. Dokotala anati ndi matumbo osachedwa kukwiya, achepetse maganizo. Iwo anatuluka akung'ung'udza njira yonse. Maganizo ake atiwo, poti chomwe ankaganiza tsiku lonse ndi m'mimba momwemo?

Anasiya mkaka, anasiya nyemba, anasiya kabichi. Atasiya tiyi zinakhala ngati zasintha, koma patatha sabata zinayambiranso popanda tiyi yemwe. Kenako anasiya kudya m'mawa ndi masana, n'kumangomwa madzi pang'onopang'ono mpaka kuweruka. M'chikwama mwawo simunkasowa zovala zamkati ziwiri, siketi yakuda yopindidwa bwino, pepala ndi kasopo. M'basi ankalimbirana mpando wa pafupi ndi khomo, ndipo msewu wonse ankaudziwa ndi zimbudzi zake: cha pomwetsera mafuta chimatsegulidwa mochedwa, cha pamsika chilibe loko, cha kuseri kwa sitolo yansapato mlonda wake ngwamakani. Maukwati anasiya kupitako. Kutchalitchi ankakhala benchi yomaliza, khutu limodzi kwa wolalikira, linalo m'mimba.

Amuna awo, a kalipentala, anali munthu wabwino, koma chikondi chawo chinali chothira mafuta. Ataona akazi awo akuwonda, anadzipatsa ntchito yowakazingira mazira madzulo alionse, mazira osambira m'mafuta. "Idyani, mayi, mukutha ngati sopo," ankatero, ataimirira pambali mpaka mbale iyere. Mai Makolala ankadya kuti asawakhumudwitse, ndipo m'mawa mwake mpomwe zinkavuta kwambiri. Palibe mwa awiriwa amene anaona kuti mbale ija ndi m'mawa uja n'zogwirizana.

Kuntchito anapeza nzeru yake. Ankasoka mothamanga ngati akuthawa moto, kuti pambali pa wamikono pakhale mulu wa malaya omudikira. Muluwo ndi umene unkawagulira mphindi zisanu. Koma m'mimba simufunsa ngati mulu wakwana. Tsiku lina anadzuka katatu nkhomaliro isanakwane, ndipo kachitatuko kapitawo anaima pakhomo la kaofesi kake, dzanja lili pamsomali.

"Mayi, lero n'kachitatu. Chavuta n'chiyani?"

Kapitawoyo anali wamsinkhu wa mwana wawo woyamba. Anabwera pafakitale ngati wolongedza makatoni, ndipo iwo ndi amene anamuphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano. Angamuuze bwanji mwana ngati ameneyu za m'mimba mwawo, pagalasi, mzere wonse ukuyang'ana? Pakamwa panangotseguka pokha.

"Abambo kunyumba sali bwino. Ndimakawaimbira foni. Muno makina akusokosa, ndiye ndimakaimbira kuchimbudzi."

Kapitawo anapepesa, n'kuwapatsa kiyi ndi manja awiri.

Bodza limenelo linawayendera mwezi wathunthu. Koma bodza limafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse wina ankafunsa kuti abambo adzuka bwanji, iwo n'kumati pang'ono, kapena kuti lero miyendo ndiye yavuta. A kalipentala, omwe pa nthawiyo anali kukhoma denga la munthu, anadwala msana, shuga ndi chizungulire osadziwa. Mwezi utatha, kapitawo anawaitananso.

"Chisoni ndikumva, mayi, koma mzere sudikira. Malaya achepa, akuluakulu akundifunsa. Mukapitiriza kudzuka chonchi, makinawa ndiikapo wina, inu mupite kutebulo."

Tebulo limene ankanenalo linali pafupi ndi khomo lotulukira. Kumeneko n'komwe ankamasula ulusi pamalaya osokedwa molakwika, ntchito ya ongoyamba kumene ndi ya agogo amene maso anawathera. Mai Makolala anabwerera pamakina awo. Anagwira kolala, ndipo anachita mantha kwambiri kuposa tsiku la opaleshoni.

Lamlungu lotsatira masana foni inalira. Anali Mai Mabatani, mnzawo wa kumapeto kwa mzere, mayi wamawu aakulu amene anayamba naye ntchito chaka chimodzi.

"Asisi, tatsika basi pano. Tilipo anayi, tabwera kudzaona odwala. Tikhotere kuti?"

Mai Makolala anasuzumira pazenera. Odwalawo anali pabwalo, atavala vesiti, akupala chitseko kwinaku akuimba mluzu.

"Bambo, siyani zimenezo! Lowani, kagoneni!"

"Ndikagone? Dzuwa lili pamutu chonchi?"

"Mukudwala inu. Mwadwala mwezi wathunthu. Ndikufotokozerani bwino, tangolowani!"

A kalipentala analowa m'bulangeti utuchi uli mbuu kumutu. Alendo anafika ndi buledi, shuga ndi malalanje, n'kukhala mondandana m'mphepete mwa bedi. Atafunsidwa pomwe pakupweteka, bambowo anayang'ana akazi awo n'kungoti, "Paliponse." Kenako anaikonda ntchitoyo. Anabuula, anatsokomola, anapempha kuti awakwezere pilo. Wamatumba anapukusa mutu n'kunena kuti thupi lokha ndiye silinagwe, Mulungu ngwabwino.

Pemphero litangoyamba, maso onse atatsinzina, Mai Makolala anamva kuwira kuja. Ananyang'ama n'kutuluka. Chimbudzi chawo chinali khoma limodzi ndi chipinda chogona, ndipo anatsegula mpopi mwamphamvu kuti madzi aphimbe phokoso. Anabwerako pemphero litatha. Asanamalize kuthira tiyi m'makapu anatulukanso. Ulendo wachitatu, potsegula chitseko, anapeza Mai Mabatani ataima mukhonde, manja m'chiuno.

"Asisi, wodwala m'nyumba muno ndamuona. Si uyo ali ndi utuchi m'makutuyo."

Mai Makolala anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi kulira. Anatsamira khoma n'kufotokoza zonse monong'ona: mapazi makumi asanu kudza asanu ndi limodzi aja, siketi ya m'chikwama, njala ya tsiku lonse, ndi tsiku lina pabasi limene sanafikeko bwino.

"Zaka zonsezi tikudyera limodzi, inu n'kumandinamiza kuti mukusala kudya?" anatero Mai Mabatani, maso ali ofiira. "Matenda sabisa, asisi. Komanso dziwani kuti kapitawo wanena kuti Lamlungu likubwerali abwera yekha kudzaona abambo."

Alendo atapita, a kalipentala anakhala pabedi akusenda lalanje la odwala. "Ine sindigonanso," anatero. "Mukanene zoona, mayi. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

Lolemba m'mawa makina asanayatsidwe, Mai Makolala analowa mu kaofesi kagalasi n'kutseka chitseko. Ananena zonse akuyang'ana kalendala ya pakhoma. Kapitawo naye ankayang'ana pansi, akutembenuza cholembera m'manja. Sanakalipe. Anati akanadziwa kale sakanawavutitsa, ndipo adulitsa kiyi wawowawo woti azisunga m'thumba. Koma makina a makolala sangachoke pakati pa mzere, ndipo munthu wokhala pamenepo ayenera kukhala wosadzuka. Kutebulo kuja angathe kudzuka kakhumi popanda wodandaula, ndipo chimbudzi chili pomwepo. Analankhula mwaulemu kwambiri, moti iwo anasowa pomukwiyira.

Pamakina awo panakhala mtsikana wina wamanja ofulumira koma osaleza. Pofika masana, malaya oyamba olakwika anafika kutebulo, nsonga imodzi ya kolala yaitali, inayo yaifupi. Mai Makolala anaimasula ulusi umodziumodzi.

Mai Mabatani sanawasiye. Anawakankha mpaka anabwerera kuchipatala, ndipo ulendo uno anapeza dokotala wina, wamkazi, amene anafunsa mafunso omwe woyamba uja sanafunse. Zimatuluka zamtundu wanji? Zimavuta kwambiri mukadya chiyani? Zinayamba opaleshoni isanachitike kapena itachitika? Kenako anajambula matumbo papepala. Anati ndulu imathandiza kugaya mafuta, ndipo ikamaliza ntchito thupi limayenera kuitenganso. Kwa anthu ena imadutsa n'kukafika m'matumbo aakulu, komwe imakoka madzi n'kuthamangitsa zonse.

"Ndiye matenda anga ndi amenewo, adokotala?"

"Mwina. Choyezera chake pano tilibe. Ndikupatsani mankhwala a ufa, muzisungunula m'madzi. Akagwira, tidziwa kuti ndi zimenezo. Mwinanso muli nazo zonse ziwiri, ndulu ndi matumbo okwiya aja. Ndipo zamafuta muchepetse."

A kalipentala atamva za mafutazo anapita kukhitchini n'kukapachika chiwaya pamsomali wapamwamba. Madzulo amenewo anawiritsa mazira, n'kuwabweretsa osayang'ana akazi awo kumaso.

Ufawo unali ngati mchenga m'kamwa. Tsiku loyamba sunachite kanthu, lachiwiri chimodzimodzi. Kuyambira lachitatu m'mimba munangoti zii. Mai Makolala anakhala kutebulo, kiyi m'thumba, chimbudzi chili pamphuno, osadzuka ngakhale kamodzi. Linatha tsiku lachisanu, lachisanu ndi chiwiri. Anadya nkhomaliro pamodzi ndi anzawo koyamba m'zaka ziwiri, koma ankatafuna akumvetsera. Mpando ukalira ankadzidzimuka. Mtendere woterewu anali atauonapo kale, masiku atatu, nthawi ina asanu, ndipo nthawi zonse unkatha popanda kutsanzika.

Tsiku lachisanu ndi chinayi kapitawo anabwera kutebulo atanyamula malaya asanu ndi limodzi olakwika makolala. Anawaika pansi n'kupumira m'mwamba.

"Mayi, ndakhala ndikuona. Sabata yonseyi simunadzuke. Uyu makolala akumukanika. Ngati mwachira, Lolemba bwererani pamakina anu. Mungondiuza kuti mwachira."

Mai Makolala anayang'ana pakati pa mzere. Mtsikana uja anali atatsitsa mpando wawo, n'kuchotsa kansalu komwe ankatsamira. Manja awo anayabwa. Akanatha kudzuka nthawi yomweyo n'kukamuonetsa momwe nsonga amaitembenuzira ndi chala chachikulu. Mai Mabatani anali ataimitsa makina ake kumapeto kuja, akuwakodola ndi maso kuti vomerani.

Iwo anaika dzanja pansi pa mchombo n'kumvetsera. Munali zii. Anadikirabe pang'ono, ndipo kutali kwambiri, mwina kumanzere, kanthu kena kanayenda. Mwina unali mpweya chabe. Mwina inali nkhomaliro ikutsika.

"Kunena kuti ndachira sindingathe, mwananga," anatero. "Ndikufuna, Mulungu akudziwa kuti ndikufuna. Koma mwini wake, m'mimbamu, sanandiuze."

Kapitawo anabwerera ku kaofesi kake. Mai Makolala anakoka shati yoyamba pamuluwo, n'kulowetsa kampeni pansi pa ulusi wa kolala.