Tsiku limene ndinagwadira mayi Doris

Ntchito yanga yoyamba ku Indianapolis, ku America, anandipezera ndi mayi Nyirenda a kutchalitchi kwathu ku Lawrence. "Kaapulaye ku Beech Grove, mwanawe," anatero. "Kunyumba yosungira okalamba akusowa anthu."

Kumeneko anandiphunzitsa kumanga lamba m'chiuno mwa wodwala pomudzutsa, kutseka mabuleki a wilitcheya, ndi kutembenuza ogona pakatha maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda. Nesi wamkulu anaonjeza lamulo limodzi: "Amene anayamba kuiwala osawatsutsa. Akakuitana dzina lina, uziyankha."

M'chipinda chakumapeto munali mayi Doris, mzungu wokalamba zedi, amene ankanditcha Loretta. Mwana wao ndiye anandiuza chifukwa. Loretta anali mtsikana wachikuda, mnzao wapamtima ali ana. Ankasewera limodzi kuseri kwa nyumba, koma sukulu zinali zosiyana, azungu kwao, akuda kwao. Boma litalamula kuti ana onse aziphunzira pamodzi, Loretta analowa m'kalasi mwa Doris, ndipo Doris anachita ngati sakumudziwa.

M'mawa wina ndinawatengera madzi akumwa. Maondo anga anangochita zakwathu osandifunsa: ndinagwada, kapu ili m'manja awiri, monga anandilerera amayi ku Dedza. Mayi Doris anakuwa mpaka kapu inandipulumuka.

"Dzuka, Loretta! Usatole! Anyamata aja atakutayira mabuku pansi, iwe uli chogwada, ine ndinaima pomwepo osanena kanthu." Anandigwira mkono mwamphamvu, misozi ili chuchuchu. "Unandikhululukira?"

Lamulo ndinkalidziwa bwino. Koma ndinene zoona, mtima unandipsa. M'maganizo ndinaona kamtsikana kaja kakutola mabuku ana akuseka, ndipo ndinati mumtima, ine ndani kuti ndikhululuke m'malo mwake?

"Ine ndine Tadala, mayi," ndinatero. "Ndikatenge chokolopera."

Ndinakolopa pansi, n'kulemba pa tchati cha wodwala kuti sanamwe madzi. Kuyambira tsikulo sananditchenso Loretta. Ndikalowa ankangotembenukira kukhoma, ndipo mwezi usanathe anamwalira.

Mpaka lero zimandiwawa. Pantchito sindigwadanso, ndimakoka mpando n'kukhala pafupi. Wokalamba akandiitana dzina la munthu wina ndimavomera msanga, pakuti ndinaphunzira kuti pena funso lotere munthu amafunsa kamodzi kokha. Chimene sindidziwabe n'chakuti Loretta mwiniwake akanayankha chiyani.